Pepala la M'thumba la Jekete la Bambo

Aphungu,

Kalata iyi ndaiyamba n'kuing'amba katatu konse. Lero ndangoti zivute zitani ndiitumiza, chifukwa nkhaniyi ikundidya m'kati ndipo ndilibe woti ndimuuze.

Ndine mayi wa zaka 39, ndimagulitsa m'sitolo ya penti ndi misomali. Ndimakhala ndi bambo anga a zaka 71, poti mayi anatisiya zaka zinayi zapitazo. Bambo anagwira ntchito kochapira masuti kwa zaka makumi atatu, ndipo lamulo lawo tonse tinakula tikuliimba: "Usanagwire chovala cha munthu, pisa m'matumba." Iwo eni sanaiwalepo ngakhale kapepala ka switi m'thumba. Mpaka lero akamavula amatembenuzira matumba onse kunja.

Miyezi iwiri yapitayo achimwene anga, omwe amagwira ntchito kutali, anaimba foni. Anati, "Mlongo, madala akula. Uwapezere inshuwalansi ya chipatala, ine ndizilipira mwezi ndi mwezi. Pakhomo pathu wodziwa za mafomu ndiwe." Ndinayenda mpaka nsapato kutha, chifukwa makampani ena akangomva zaka zawo ankapukusa mutu. Mwamwayi kampani ina inavomera. Inali ndi mapulani atatu: yotchipa yongoonana ndi dokotala, yapakati yowonjezera kugonekedwa m'chipatala, ndi yodula yomwe muli opaleshoni ndi mankhwala akumwa nthawi yaitali.

Loweruka lina, wa kukampani asanabwere ndi fomu, ndinatenga jekete lotuwa la bambo kuti ndisite. Nditapisa m'thumba la m'kati ndinapeza pepala la kuchipatala lopindidwa kanayi. Dokotala analemba kuti bambo ali ndi vuto lija la abambo achikulire, kutupa kotseka njira ya mkodzo, ndipo abwererenso kuti akaone ngati pakufunika opaleshoni. Ndinalipinda momwe linalili n'kulibwezera m'thumba.

Wa kukampani uja anali mtsikana woti kwa bambo ndi mdzukulu. Tinakhala pabalaza, bambo pampando wawo wa pawindo, ine cholembera kumanja. Za shuga ndi kuthamanga kwa magazi tinadutsa bwinobwino. Titafika funso lachisanu ndi chinayi, mtsikanayo anawerenga mokweza osaphethira n'komwe: "Kodi dokotala anakupezanipo ndi vuto la chikhodzodzo kapena njira ya mkodzo?" Bambo anayamba ayang'ana panja. Kenako anaseka, amvekere, "Ine? Ndili bwino ngati suti yongochoka pasimbi!"

Onse awiri maso anali pa ine. Nanga mwana wamkazi ndikanati chiyani pamaso pa mlendo? Ndikanati bambo mukunama, pepala lanu ndaliwerenga? Ndinachonga "Ayi". Ndinasankha pulani yodula ija, n'kumadzinamiza kuti ndawakonzera zabwino. Bambo anasaina.

Achimwene analemba pagulu lathu la pafoni kuti, "Mlongo wathu ndi patali!" Azakhali anatumiza timanja towomba. Ine ndikuwerenga ndinkalakalaka pansi patatseguka. Kenako ndinatsegula kabuku ka kampani kamene mtsikana uja anatisiyira, ndipo pa tizilembo ting'onoting'ono ta kumapeto alemba kuti wobisa matenda akhoza kukanidwa thandizo, ngakhale kufufutidwa kumene. Ndiye kuti tsiku lomwe bambo adzaifune inshuwalansiyi, mwina sidzagwira ntchito, ndipo wolakwa ndine.

Tsiku lobwerera kwa dokotala ndi kumapeto kwa mwezi wamawa. Pepala lija likadali m'thumba momwemo. Loweruka lililonse ndimalitulutsa, kusita jekete, n'kulibwezera. Bambo amalandira n'kuti, "Wasita bwino mwanangu," tonse tikuyang'ana kumbali.

Ndikhale chete mwina kampani sidzadziwa? Ndikaulule? Nanga bambo ndiwayamba bwanji nkhani yotere? Manyazi andipha.

N. L. M.

Mwanangu N. L. M.,

Pukuta nkhope, khala tsonga. Walakwa, inde, sindikunyengerera. Koma sunabe, sunaphe munthu, ndipo cholakwa chako chikadali choti chingakonzeke. Chomwe sichingakonzeke ndi kukazindikira bambo ali kale pabedi la chipatala, wa kukampani akukuuza pafoni kuti salipira.

Zoti mwina sadzadziwa, zichotse m'mutu lero lomwe. Bilu ya opaleshoni ikafika, makampani ambiri amayamba afunsa kuchipatala kuti matendawo anapezeka liti. Pepala la dokotala lili ndi deti, fomu yako ili ndi deti. Ngakhale mwana wa sukulu akhoza kuona kuti chinayamba n'chiti. Bodza lilibe mwendo, mwanawe.

Pita ku ofesi ya kampaniyo sabata ino, bambo asanapemphe thandizo lililonse. Usangomuimbira mtsikana uja, iye ntchito yake inali kugulitsa. Lembani kalata yaifupi yoti funso lachisanu ndi chinayi linayankhidwa molakwika, bambo asaine, muikepo pepala la dokotala, ndipo akudindireni kope lanu loti musunge. Akhoza kukweza mtengo, akhoza kukupatsani nthawi yodikira, akhozanso kunena kuti vuto limeneli lokha sadzalipira. Zowawa, eya. Koma mudziwa pomwe mwaima nthawi ikadalipo, ndipo matenda ena onse adzakhala otetezedwa mwachilungamo.

Ukakhala pamenepo ufunse zomwe unayenera kufunsa poyamba, pajatu safunsa adadya phula. Matenda omwe munthu ali nawo kale amawatani, ndipo amadikira miyezi ingati? Pachaka amalipira mpaka pati, nanga gawo lomwe mumawonjezera nokha ndi lotani? Ndi zipatala ziti zomwe zimalandira khadi lawo, ndipo chapafupi chili kuti? Munthu wachikulire samukweza mabasi atatu mkodzo utatsekeka. Ufunsenso ngati mtengo umakwera ndi zaka, komanso ngati pali msinkhu womwe amamusiya munthu. Yankho lililonse likhale lolemba, za pakamwa zimauluka.

Pulani yodula siikhala yabwino chifukwa choti ndi yodula. Yabwino ndi yomwe ikulipira matenda omwe bambo ako ali nawo ndi omwe amakonda kugwira anthu a msinkhu wawo. Akakana za opaleshoniyi, mwina yapakati ija ingakwane, zotsalazo achimwene ako aziika padera. Ukafuna kuyesa kampani ina, unene zoona zonse pafomu, ndipo usasiye yakaleyi yatsopano isanakuvomereni polemba. Pa zaka 71 zitseko ndi zochepa, usatseke chomwe chatseguka.

Achimwene ako uwauze, koma pafoni ya awiri, osati pagulu la timanja lija. Matenda ndi a bambo, si nkhani yoti azakhali azitafuna. Adzakalipa pang'ono, asiye akalipe. Ndipo tsiku la dokotala lisaphonyedwe, kaya kampani yayankha kaya sinayankhe.

Koma zonsezi zisanachitike pali bambo ako, ndipo apa ndikufuna uwerengenso kalata yako yomwe. Wandiuza wekha kuti munthuyu wakhala akupisa m'matumba mwa anthu zaka makumi atatu, ndipo sanaiwalepo ngakhale kapepala ka switi. Wandiuzanso kuti ndi iwo anakuphunzitsa kupisa usanasite. Tsono munthu wotere angaiwale pepala la kuchipatala m'jekete lomwe akudziwa kuti mwana wake aligwira Loweruka lililonse? Masabata onsewa? Iai mwanawe, sanaiwale. Pakamwa panawalemera monga panakulemerera iwe, ndiye anakuuza m'njira yokhayo yomwe akanatha. Akhala akukuuza Loweruka lililonse, iwe n'kumawabwezera mawu awo utawapinda bwinobwino.

Sukufunika kutchula mawu okuchititsa manyaziwo. Usankhe nthawi yomwe muli awiriwiri, uwapatse jekete kudzanja limodzi, pepala kudzanja linalo, n'kunena kuti, "Bambo, ndinapisa m'thumba monga munandiphunzitsira. Kwa dokotala tipita limodzi, ndipo fomu ija tikakonze." Basi. Ngati zina angamasuke kuuza mwamuna mnzawo, achimwene ako alipo, dokotala aliponso. Iwe gawo lako ndi kuwaonetsa kuti wamva.

Ndikutsine khutu pomaliza. Manyazi adapha lambe, ndipo m'nyumba mwanumo mwakhala amanyazi awiri. Munthu wamkulu sagogoda mpaka kalekale. Tsiku lina udzapisa m'thumba muja n'kupeza mulibe kanthu, ndipo ukadzaona choncho udzadziwe kuti aganiza zosenza okha. Loweruka lino usite jekete, koma pepalalo lisabwererenso m'thumba.

Aphungu