Mchere Unachuluka M'thanki ya Bambo a Tadala

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno ku Bolton kwazizira kale. Mvula ikungowaza osakata, ndipo ndikulemba nditavala majuzi awiri. Ndiyambe ndi zabwino, poti munkadana ndi munthu wofika ndi madandaulo asanakhale pansi. Mng'ono wanga Chisomo wabereka mwana wamkazi, akuti mphuno ndi yanu yeniyeni. Achimwene anakumba kachewere kumunda kwanu kwa kudambo. Wina anaola, koma wotsalayo wakwana kudya ndi kugulitsako. Ndinawaimbira Lamlungu, khadi la foni linatha tisanamalize nkhani ya denga. Mdzukulu wanu Tadala watalika, wandifika m'khutu. Chichewa amamva bwinobwino, koma poyankha ndi Chingerezi chokhachokha. Mukanakhala pafupi bwenzi mutamukonza.

Tsopano ndikuuzeni za thanki. Mukukumbukira chithunzi chija tinakutumizirani, cha thanki yagalasi pabalaza, mkamwini wanu ataima pambali pake ngati wagula ng'ombe? Munafunsa kuti, "Nsomba zosadyedwa mukuzisungiranji?" Zimene munkaziyesa maluwa zija si maluwa ayi. Ndi makorali, tamoyo ta m'nyanja ya mchere tomera pamiyala, tina ngati bowa, tina ngati zala zogwedezeka m'madzi. Bambo a Tadala akaweruka kunyumba yosamalira okalamba komwe ankagwira ntchito, ankayamba aona kaye thanki asanavule ndi nsapato zomwe. Lamulo lawo lalikulu anatiphunzitsa mpaka tinatopa nalo: madzi akaphwera, mchere suuluka nawo, umatsala momwemo. Choncho powonjezera umathira madzi opanda mchere. A mchere ndi osinthira basi, utayamba wachotsamo ena. Kukhitchini kunali ndowa ziwiri, yoyera ya madzi wamba, yabuluu ya mchere.

Nyengo yofunda itatha, makorali anayamba kufooka. Onga zala aja anafinyika, osatambasukanso ngakhale magetsi ayake. Korali lobiriwira limene bambo a Tadala ankalinyadira kwa alendo linayamba kusendeka kuchokera pansi, n'kumaoneka chigoba choyera ngati fupa. Ndere zinadzaza pagalasi. Nsomba zokha zinkangosambira ngati palibe kanthu.

Munkati mwana akakana phala usathamangire kukalipa, yamba wamuyang'ana m'kamwa. Ndinachita zomwezo, poti eni ake ankangoima n'kumayang'ana, ine n'kumati atopa. Ndinayamba ndi hita yotenthetsa madzi, kuganiza kuti yapenga, koma kutentha kunali bwinobwino. Tinasintha mababu poti anali akale. Ndinaletsa Tadala kupopera mafuta onunkhira pabalaza, mpaka anandinyanyalira. Ndinadontheza mankhwala oyezera m'timabotolo n'kumafananiza mitundu monga timachitira kuwodi kuchipatala. Litsiro linali lokwererapo, koma osati lopha. Mchere wokha sindinayeze. Ndikafunsa bambo a Tadala ankati, "Ndayeza m'mawa, uli bwino." Pa nkhani ya mchere ndani akanawakayikira?

Loweruka lina ndinatunga madziwo m'botolo la jamu, kukwera sitima ya ku Manchester. Mayi wa m'sitolo ya nsomba anadontheza pakachipangizo kake, kusuzumira, kupukuta, kuyezanso. Anati mchere wakwera kwambiri, ndipo sukwera chonchi tsiku limodzi. Alipo amene wakhala akuwonjezera madzi a mchere kwa miyezi. Anandichenjezanso kuti ndisautsitse mwamsanga, ndingaphe ndi zotsala zomwe.

Kunyumba sindinanene kanthu. Lolemba ndinalibe shifiti, ndiye ndinakhala kukhitchini ndi tiyi wanga. Bambo a Tadala analowa, kutunga m'ndowa yabuluu, kukathira m'thanki, kudyetsa nsomba. Tiyi asanazizire anabweranso, kutunganso momwemo.

"Bambo a Tadala, si mwathira kale?"

"Lero? Ayi, sindinathire."

"Nanga owonjezera ndi a ndowa iti?"

Anayang'ana yabuluu, anayang'ana yoyera. Anaseka pang'ono ngati ndawafunsa zachibwana, kenako kuseka kuja kunatha. Jagi ili m'manja, anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Mayi a Tadala, tandikumbutsani. Ziwirizi zikusiyana chiyani?"

Amayi, ine ndine nesi. Zonse zinabwera nthawi imodzi: makiyi amene ndinawapeza mufiriji, tsiku lija anapitirira ndi basi mpaka kumapeto kwa msewu, Lamlungu limene anasowa dzina la mnzawo amene amaimba naye kwaya. Chilichonse ndinkachipezera chifukwa chake pachokha. Thanki ndi imene inaziika pamodzi.

Kuchipatala anawafunsa mafunso, kuwajambulitsa wotchi papepala, kuwaunika m'mutu. Adokotala anati ndi matenda oiwala aja amene amagwira okalamba, koma ena amawafulumirira. Munthu wangodutsa kumene zaka makumi asanu, tsitsi loyera lochita kuwerenga. Pobwerera m'basi ndinayamba kuwafotokozera pang'onopang'ono monga ndimachitira ndi abale a odwala. Anandigwira dzanja. "Musavutike. Mathero ake ndikuwadziwa. Anthu otere ndawasambitsa ndi manja angawa." Kenako anayang'ana kunja mpaka tinatsika. Ntchito anasiya mwezi womwewo.

Tadala tinamuuza tonse awiri. Sanalire pamaso pathu. Anakwera kuchipinda kwake, ndipo madzulo anatsika n'kukakhala pansi pafupi ndi bambo ake, kutsogolo kwa thanki. Ndinamumva akuyesa Chichewa chake chothyokathyoka, akuwafunsa kuti kansomba kachikasu kaja kamadya chiyani. Amadziwa kale yankho, ankangofuna awamve akulankhula.

Mchere tinautsitsa pang'onopang'ono, kutapamo pang'ono, kuthira wamba pang'ono. Lobiriwira lija silinapulumuke. Ndinalichotsa iwo atapita kokayenda, koma pobwera anaona malo ake n'kufunsa. Ndinawauza kuti lafa, ndipo anangogwedeza mutu. Onga zala ena ayambanso kutambasuka, ena angotsala zitsa. Ndowa yabuluu ndinaikweza pamwamba pa kabati yakuchipinda, kukhitchini kwatsala yoyera yokha, kuti akatunga asalakwitse. Chakudya cha nsomba ndimachigawa m'kabokosi ka mapiritsi, chipinda chilichonse tsiku lake. Akapeza cha lero chili mbee, amadziwa kuti adyetsa kale, ngakhale nthawi zina amandiyang'ana ngati ndawabera.

Azimayi akutchalitchi akuti ndigulitse thankiyo, mtolo wandichulukira. Akunena zoona, koma sindingathe. Munthu amene dzulo anasowa mawu akuti supuni, akaima pagalasi paja amatchula korali lililonse dzina lake la Chilatini osaphonya. Pamenepo mpamene ndimamuonanso mwamuna amene munandilola kukwatiwa naye. Munkati lira, koma manja asaime. Ndikuyesa, amayi. Ndimalirira m'basi popita kuntchito, pofika pageti ndapukuta.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi ichi. Mwezi watha anandifunsa chifukwa chake sitikukuimbiraninso foni. Ndinawauza zoona, kuti munatisiya chaka chatha, kuti tinapita tonse ku Ntcheu, kuti ndi iwo amene anandigwira kumanda pamene ndinkafuna kugwa. Analira ngati uthenga wangofika kumene, kudandaula kuti bwanji tinawabisira maliro a apongozi awo. M'mawa mwake anali ataiwala, koma ine sindinaiwale kulirako. Sindidzawauzanso.

Posachedwapa alowa muno, jagi ili m'manja, n'kufunsa kuti ndikulembera ndani. Ndati ndikulembera amayi. Nkhope yawala. Akuti, "Muwapatse moni. Muwafunse ngati mwendo uja unasiya kutupa, ndipo muwauze kuti asamapite okha kudambo."

Ndiye landirani moni wa mkamwini wanu. Akuti musamapite nokha kudambo. Ndikulonjeza kuti moni wawo uliwonse ndizikufikitsirani, ngakhale apereke kangati pa tsiku, mpaka pamene adzaiwale kupereka. Ikadzafika nthawi imeneyo, ndizidzawaperekera ndine.

Ndine mwana wanu wokukondani ndi wokusowani,
Nelia