A Tenson Daka, Manambala Anu Ndawayambanso

Zaka zitatu zakwana lero, atate a Esnart, chichokereni inu pakhomo pano. Malungo aja anakutengani mwachangu ku Katondwe, choko chikali m'thumba la malaya, ana a sukulu akudikira aphunzitsi awo. Ine Thecla mkazi wanu ndikali pano pa Boma, ndikali kuyanika nsomba, ndipo mtima sunazizire. Ansembe amati m'kupita kwa nthawi udzapola. Wanga ukungotenthera.

Mukukumbuka tsiku lija kunabwera atsikana a kafukufuku wa boma, oyenda khomo ndi khomo ndi matabuleti kufunsa za ntchito? Atandifunsa ngati ndinagwirako ntchito sabata yathayo, ndinati ayi, ine ndimangokhala. Inu munaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi, chifukwa ndinayankha manja ali mamba okhaokha, kumbuyo kwanga thandala litadzaza nsomba za pende zopita ku Lusaka. Kuseka kumeneko ndiko kunabala nkhani ya digiri yanu ija munkaphunzira muli kunyumba. Munafuna kudziwa kuti amayi a m'mbali mwa mtsinje uno, owoloka kukagula nsomba ku Zumbo, otumbula, oyanika, osenza, boma limawawerenga bwanji pamene eni ake amati amangokhala. Inu simunafunike kuzungulira m'makomo. Mayankho boma linatolera kale, munangopempha kuti muwasanthule.

Ndimakuonanibe muli pachulu kuseri kwa nyumba, laputopu pamaondo, kusaka netiweki, mutabereka Mphatso ndi chitenje changa, odutsa akukusekani. Munkandiphunzitsa ngati mwana wa m'kalasi, ine amene ndinalekera giredi naini chifukwa cha mimba ya Esnart. Munkati ndisamathamangire manambala ndisanawerenge mafunso omwe anthuwo anafunsidwa. Munkati ndiziyang'ana chaka, popeza mafunso amasintha. Munkatinso maina amachotsamo, ndipo munthu mmodzi m'menemo amaimira anthu mazana, choncho wowerenga mizere ngati mbuzi m'khola adzanamiza dziko. Ine ndinkangoti eya, eya, maganizo ali pa mchere wa nsomba.

Manje mverani zomwe anachita abale anu. Tsiku logawa katundu wanu, misozi isanaume, msuweni wanu Jorge anadumpha malaya, anadumpha njinga, n'kunyamula laputopu. Ndinagwada, atate a Esnart. Ine amene sindigwadira munthu pamsika ndinagwada pamaso pa mudzi wonse, kupempha kuti andilole ndichotsemo kaye ntchito yanu, makinawo atenge. Anati mkazi wa giredi naini adziwa chiyani za makina. Akuluakulu anayang'ana pansi. Anakafufutitsa zonse, thukuta lanu lonse lija, n'kuikamo mafilimu a karate kuti azionetsa oledzera m'bawa yake. Mapepala anu a mafunso, aja munalembalemba m'mbali ndi inki yofiira, mkazi wake anakulungira nsomba zokazinga. Tsamba limodzi ndinaligula ndekha pamsika pamodzi ndi nsomba yake, lili mafuta okhaokha, dzanja lanu likuonekera. Nsombayo ndinapatsa galu. Tsambalo lili m'Baibulo.

Jorge ankayesa chuma ndi makinawo. Sanamve zomwe munkandiuza pachulu paja, kuti mayankho aja ndi a dziko, wopempha mwa njira yake amapatsidwa. A Emeldah, aphunzitsi anzanu aja, anandithandiza kupempha, ndipo mayankhowo abwera. Loweruka ndikatha kuyanika ndimasamba m'manja ndi ndimu, n'kukakhala nawo pa kompyuta yawo. Ndayambira pomwe munkati ndiyambire, pa mafunso. Chizungu chake chimandiwawitsa mutu, nthawi zina ndimatukwana, a Emeldah n'kundiyang'ana, koma ndikukwawa ndithu. Sukulu ya madzulo ndalowanso, mayeso a giredi twelofu ndidzalemba.

Za Jorge musamve chisoni. Laputopu inafa atatayirapo mowa, bawa inatsekedwa, manje amaswera pansi pa mtengo padoko, kudikira maliro ena oti akagaweko. Amayi a kutchalitchi amati ndimukhululukire. Moni ndimamupatsa, ndi mlamu wanga, koma pa Misa tikamapatsana mtendere dzanja langa silimufika.

Chimene ndikufuna n'chimodzi. Boma likadzafunanso anthu oyenda ndi matabuleti, ndidzakhale nditakhoza, anditenge. Ndipo ndimapemphera, Mulungu andikhululukire, kuti khomo la Jorge lidzagwe m'manja mwanga. Ndidzakhala pampando wake womwewo, chitupa chikulendewera pakhosi, ndidzamufunse mwaulemu wonse ngati wagwirako ntchito sabata yathayi. Kenako ndidzadikira yankho lake. Sindidzamuthandiza kuyankha, sindidzathamangira funso lina. Sindidzauzanso munthu, lamulo limaletsa, ndipo dzina lake adzalichotsamo monga amachitira ndi ena onse. Kumva ndi makutu angawa kudzandikwanira.

Ana anu akukula. Esnart anatenga kaseko kanu, mpaka kutsamwa komwe. Mphatso nkhope yanu saikumbuka, amangopsompsona chithunzi chanu chili pamwambachi mpaka chayamba kufuwa. Amayi anu ku Katondwe salola munthu kukhala pampando wanu. Iwo okha ndiwo anayesa kundiyankhulira tsiku logawa katundu lija, koma ndani amamvera mayi amene mawu amuthera m'kulira?

Ntchito yanu ikadzatha, dzina lanu lidzakhala pamwamba, langa pansi pake. Ndidzabwera nayo kumanda ndidzakuwerengereni tsamba ndi tsamba, mukapeza polakwika mudzaseke.

Gonani bwino, atate a Esnart. Inu sitidzakuiwalani. Naye Jorge sindidzamuiwala.

Mkazi wanu Thecla, ana anu Esnart ndi Mphatso, ndi amayi anu a Agineza.