Eriyo Zinayi za Padenga

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amuna ako ndi ana. Chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Ine kuno ndilipo. Bondo limavuta kukazizira, koma mankhwala ndikumwa, ndipo kudya ndikudya.

Katundu unatumiza uja anafika, zikomo. Ndinatsegula bokosi n'kukaona kachipangizoko, kafulati ngati thireyi. Unati ndikakaika pabwalo ndizimva wailesi iliyonse kudzera pa intaneti. Sindikukayika. Mkati mwake muli tieriyo tambirimbiri tondandalikidwa m'mizere. Kakompyuta kake kamachedwetsa mafunde a tina pang'ono kuposa a tinzake, ndiye kamaloza kulikonse popanda kutembenuka. Pamene ndinkapuma pantchito, zoterezi zinali zitangoyamba kufika pa milongoti yomwe tinkakonza. Ndi zabwino ndithu. Sizifuna munthu wokwera padenga, sizifunanso wina woima pazenera.

Ndinakabwezera m'bokosi. Kali pansi pa bedi.

Ndikudziwa kuti ndi atelala oyandikana nafe amene anakuimbira foni kuti andiona padenga. Sananame, ndipo sindinawakwiyire. Uthenga wako ndinaumva, woti ndikakweranso utumiza anthu adzatsitse eriyo zonse. Usanatero, ndilole ndikufotokozere.

Eriyo zinayi zija ndinazipanga iwe usanayambe sukulu. Amayi ako ankafuna wailesi ya kwawo, ija ya makwaya Lamlungu masana, koma ili kutali, kuseri kwa mapiri. Eriyo imodzi inkangogwira phokoso ngati mvula pamalata. Ndiye ndinasanja zinayi, ina pamwamba pa inzake, mipata yofanana, mawaya ofanana utali. Zikatero mafunde a zonse amafika limodzi n'kuphatikizana, mawu n'kukula. Waya mmodzi akatalika, mafunde ake amachedwa n'kufafaniza a anzake, zinayizo n'kukhala ngati palibe.

Pa eriyo iliyonse, chitsulo chimodzi chokha ndicho chili ndi waya. Zakutsogolo zimakoka mafunde, chachitali chakumbuyo chimawabweza kuti asapitirire. Tsiku lina ndikuwafotokozera zimenezi, amayi ako anaseka. Anati ndiye kuti iwo m'nyumba muno ndi chakumbuyocho, chopanda waya, chooneka ngati chilibe ntchito, koma ndiyese kuchichotsa ndione.

Eriyo zikachuluka zimamva patali, koma zimaloza malo opapatiza. Kupotoka pang'ono chabe, wailesi yathawa. N'chifukwa chake inali ntchito ya anthu awiri. Ine padenga ndi sipanala, iwo pazenera la kukhitchini khutu lili pa wailesi. Ankafuula kuti kumanja, kumanjabe, kenako n'kundikalipira kuti ndapitirira, kodi ndikupotoza eriyo kapena chiwongolero cha basi. Akati pamenepo, ine n'kumanga mabauti. Nthawi zina ankachedwa dala kunena mawuwo, kundisiya pamwamba mpaka pomwe akolopa paume. Ndinkadziwa, koma ndinkangodikira.

Mutangobwerera kwanu kuchokera kumaliro a amayi ako kuja kunabwera chimphepo, ndipo chinapotoza mtengo wa eriyo. Kuyambira pamenepo makwaya sindinawamvenso. Ndimakwera, kupotoza pang'ono, kutsika, kumvetsera, kukweranso. Ndili pamwamba sindingamve wailesi, ndili pansi sindingapotoze. Mwina ndadutsapo kangapo pamalo pake penipeni, koma panalibe wondiuza.

Atelala anayesa kundithandiza. Ndi munthu wabwino, koma makina anawagonthetsa makutu. Kulikonse ndingaloze amangoti zili bwino achimwene, tsikani. Ndikatsika, mvula yokhayokha.

Sindikubisira. Sabata yatha phazi linaphonya pamakwerero. Sindinagwe, ndinagwira, koma nditafika pansi ndinakhala nthawi yaitali pakhonde. Ndinaona kuti ukunena zoona, msinkhu wokwera madenga wandipitirira.

Pempho langa ndi ili. Sukulu zikatsekera ubwere ndi ana, ngakhale masiku ochepa. Lamlungu masana udzaime pazenera paja. Nyimbozo ukuzidziwa, unakula nazo, ndipo khutu lako ndi la amayi ako. Amuna ako adzandigwirire makwerero. Ndidzakwera kamodzi kokha. Ukadzati pamenepo, ndidzamanga mabauti n'kuwonjezera mawaya okoka mtengowo mbali zonse, kuti mphepo isadzausunthenso. Ndikadzatsika, makwererowo ndidzawapereka kwa atelala iwe ukuona. Kachipangizo kako tidzakaika tsiku lomwelo, adzukulu anga adzandiphunzitse.

Ukadzaonabe kuti eriyozo zitsike, sindidzalimbana nawe. Koma zisatsike zili zopotoka, mwana wanga.

Mpaka ubwere sindikwera, ndalonjeza. Wailesi ili pazenera pomwe amayi ako anaisiya, ndi kansalu kake. Lamlungu ndimaiyatsabe. Nthawi zina pansi pa phokosolo ndimamva ngati anthu akuimba, koma sindidziwa ngati ndi wailesi kapena ndi ine.

Undiperekere moni kwa amuna ako ndi kwa apongozi ako, uwathokozenso chifukwa cha zonse anatichitira nthawi ya maliro. Ana uwauze kuti agogo awasungira tizitsulo totsala, tidzapanga eriyo yawo yaing'ono. Mulungu akusungeni nonse, akuyendetseni bwino panjira.

Ukadzaima pazenerapo udzafuule ndithu, usadzachite manyazi ndi anthu apafupi. Amayi ako sankachita.

Ndine bambo ako.