Wapampando wa Achinyamata ndi Imvi Zake

Lachiwiri, 4 Malichi

Chisanu sichikutha ku South Bend kuno. Miyendo ikuwawa, tsiku lonse choimirira m'wodi. Koma lero kuli nkhani yabwino. Chawezi wanga amuyankha a ku Ulaya aja. Bungwe lina ku Brussels likuitana magulu a achinyamata kuti akakambirane momwe mawu awo angamamvekere popanga malamulo a kumeneko. Akufunanso ana a ku Africa okhala kunja. Ife Amalawi a ku Indiana atipatsa mpando umodzi. Mwanayu analemba yekha kalata yopempha, Khirisimasi yonse ali pakompyuta, ine ndikumukalipira kuti adye.

Azunguwo sindiwakhulupirira kwenikweni. Kuitana ana, kuwajambula, kuwapatsa masangweji, basi. Komabe apite. Kamodzi kokha anthu akhale chete, iye alankhule.

Vuto ndi limodzi. Analemba m'dzina la nthambi ya achinyamata ya bungwe lathu la Amalawi. Ndiye kuti a Hamilton.

Lachinayi, 6 Malichi

A Hamilton aimba foni. Wapampando wa achinyamata kuyambira Chawezi akukwawa. Munthu wa zidzukulu, mapilitsi a BP m'thumba. Amvekere: "Amake Chawezi, mwana wachita bwino, koma zinthu ngati izi timayamba tadiskasa ifeyo ma leaders." Ma leaders ake ati? Chimene nthambi yawo inachita chaka chatha chonse ndi kuotcha nyama pa 6 Julayi. Nyamayo inapserera.

Loweruka, 8 Malichi

Indianapolis. Msonkhano m'besimenti, chipinda cha kunsi kwa nyumba ya a Hamilton ku Speedway. Abambo pamasofa, ife amayi pamipando yapulasitiki, achinyamata enieniwo pamasitepe, ena kukhitchini akutsuka mbale zathu. Pemphero lotsegulira lotalika ngati msewu tinadzerawu.

A Edmond, mlembi, anati Chawezi sangatiimirire chifukwa Chichewa amangomva, poyankha amayankha m'Chingerezi. Ngati kuti ku Brussels akakambirana m'Chichewa. A Belinda, akazi a wapampando, anati mtsikana wosakwatiwa sayenda yekha kutali chonchi. Chawezi anakweza dzanja. Linakhala m'mwamba mpaka linatsika lokha. Kwathu ana amalankhula akulu akatha, ndipo akulu athuwa satha. Anavota a pamasofa. Apita ndi a Hamilton, Chawezi awalembere zokanena.

Ine ndinaimirira, ndinati manyazi mulibe. Anati tiimbe nyimbo yotsekera.

Tinauyamba wobwerera, ine ndi mwana. Titadutsa Kokomo ndinamuuza kuti asadandaule, nkhondoyi ndimenya ndine. Anangoti, "Mum, don't." Mtima unandiwawa kumuona akuyang'ana pawindo njira yonse.

Lachitatu, 12 Malichi

A Belinda aika chithunzi pa WhatsApp ya bungwe. A Hamilton m'suti yatsopano, tsitsi lili bii. Loweruka lomweli linali mbuu. Utoto wafika mpaka pakhutu. Pansi pake anthu ali kalikiliki: "Mukatiimirire bwino, bwana." Timanja topemphera mbwee. Anthu a madigiri awo, ena madokotala.

Ndalemba yankho, ndafufuta. Ndalembanso, ndatumiza. Andichotsa pagulu.

Lachiwiri, 18 Malichi

Ndaseka mpaka misozi. Akuzike, mnzanga wa kuntchito, ndiye wandiuza. A ku Brussels anapempha kuonana ndi nthumwi yathu pavidiyo. A Hamilton anakhala pakamera ndi suti ija. Kamtsikana ka uko kanawapatsa moni mwaulemu, kenako n'kufunsa kuti mwana wawo abwera nthawi yanji. Malire ndi zaka makumi atatu. Akuti bambowo anayamba kufotokoza kuti kwathu unyamata umakhala mumtima.

Kuseka kunathera pomwepo. Likafika Lachisanu popanda wachinyamata weniweni, mpando aupereka kwina. A Hamilton akuti bola utayike kusiyana n'kuti komiti inyozeke. Munthu wotani ameneyu? Chawezi akungodzitsekera kuchipinda ndi foni. Ndikagogoda akuti ali bize.

Lamulungu, 23 Malichi

Mpando wapulumuka. Chawezi ndi anzake a pamasitepe aja, Mervin, Tusekele ndi ena, ayambitsa gulu lawolawo, a ku Brussels avomera. Wopita ndi Chawezi, mu Juni. Ine ndamvera kutchalitchi, kwa Akuzike yemweyo. Mwana wa m'nyumba mwanga. Zandiwawa, sindinama. Koma ndinadutsa pamaso pa a Belinda pang'onopang'ono, n'kuwapatsa moni kawiri.

Msonkhano wawo woyamba ndi Loweruka, m'chipinda cha laibulale ku Indianapolis. Ndili ndi mfundo zanga zoti akawauze azunguwo, ana okha sangazidziwe. Ndikazinga mandasi.

Loweruka, 29 Malichi

Ndikulembera m'galimoto, panja pa laibulale.

Pakhomo ndinapeza Tusekele, mwana amene ndinkamusintha matewera. Manja pamodzi, ulemu wonse: "Pepani anti, lamulo lathu loyamba, opitirira thirty salowa." Ndinaseka, ndinkayesa akucheza. Ndinati ndine mayi ake a wapampando wanu, ndinakumenyerani nkhondo ine, mpaka kundichotsa pa WhatsApp. Anapita kukaitana Chawezi.

Anabwera, n'kundigwira dzanja. Zaka zonsezi ndakhala ndikumupempha kuti andiyankhe m'Chichewa. Lero wandiyankha, chomveka bwino, chopanda pokhota: "Amayi, mudikire panja. Tikatha tikuitanani."

M'katimo ndikumva akuseka, akulankhulira pamodzi, palibe wokweza dzanja. Mfundo zanga zili m'chikwama, beseni la mandasi pampando.

Galimoto yoyandikana ndi yanga ndaizindikira mochedwa. A Hamilton. Suti yomwe ija, imvi zayambanso kutuluka m'munsi mwa utoto. Nawonso awabweza. Ndinayang'ana kumbali, koma atsitsa galasi. Akuti, "Amake Chawezi, kodi ndi mandasi amenewo?"

Ndawapatsa awiri.