Chikwama chili kuseri kwa chitseko si changa

Amake Bwezani,

Ndafika muli ku tchalitchi, ndatulukanso. Chikwama chili kuseri kwa chitsekocho musachisunthe.

Pochokera ku Luangwa, m'basi ndinakhala moyandikana ndi mayi wina, akuti ndi Ba Lister a ku Chalimbana. Anayamba kundisimbira za mwamuna wawo amene anagwidwa ndi ng'ona, ndiye mukundidziwa, ndinangoti kukamwa yasa. Tikuyandikira rodibuloko akuti, "Ba tate, nisungileniko chola, imwe okalamba samusechani." Pa Chongwe ataona apolisi pa siteji anatsika msangamsanga ndi changa. Zikwamazo n'zofanana, inde, koma changa n'chopepuka. Munthu angasokoneze bwanji?

Ndasuzumiramo. Pamwamba pali nsomba zouma, pansi nyama ya m'tchire. Pasipoti yanga yapita m'chikwama changacho, ndiye Mmalawi wopanda pepala m'dziko la eni muno akapezeka ndi nyama yotere, mudzandiona kundende.

Ndapita ku Chalimbana kukawafunafuna. Vuto lake ndinawauza pamene tikhala. Akabwera ine kulibe, musawapatse kanthu mpaka pasipoti muigwire m'manja. Musaphikeko ngakhale kanthuli. Pepani kuti lero sitinaonane, Loweruka likubwerali ndikhala pakhomo.

Ng'ona ijanso ndayamba kuikayikira. Mwina mwamunayo ndikamupeza ali moyo, akuyanika mbawala ina.

Bambo a Bwezani