Bambo Abwera ndi Bwalo Kunyumba

Okondedwa achimwene,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu ndi wa ana. Kodi kamtsikana kaja mano anamaliza kumera? Nanga msana wanu unaleka kuvuta, kapena mukuimabe pa bolodi tsiku lonse ngati kusukulu kwanuko kulibe mipando? Kuno tonse tadzuka, Mulungu akutisunga. Amayi bondo lija likumvekako bwino. Bambo thupi lili bwino kwambiri, mwinanso kupitirira mmene tikufunira, ndipo nkhani yake ndi imene ndakulemberani. Pafoni sindingathe, nyumba yathu mukuidziwa, ukatsokomola kuchipinda amakupepesa ali pakhonde.

Ndinakuuzani kuti bwalo la mpira analitseka kuti alikonze. Ntchito ija inatha, ndipo mukabwera simudzalizindikira. Masitepe a simenti aja tinkakhalapo titayala nyuzipepala tsopano ndi mipando yamitundumitundu. Aika denga, aika magetsi pamitengo yaitali, aikanso chikanema chachikulu ngati khoma la nyumba. Kuchimbudzi madzi amatuluka okha ukangoyandikiza manja. Amalume atapitako anathokoza mpopi.

Chimene sindinakuuzeni ndi cha kapinga. Anachotsa yense, n'kuyala wa pulasitiki, wosathirira, wosatchetcha. Inu mukudziwa kuti bambo anayamba kusamala kapinga wa pabwalo lija tonse tisanabadwe. Anawaitana ku ofesi kukawauza kuti ntchito yawo yatha, anawathokoza ndi mawu okoma, n'kuwapatsa satifiketi ndi ambulera. Atafika kunyumba anati ambulera ndi mphatso yodabwitsa kwa munthu amene wakhala moyo wake wonse akupempha kuti mvula imugwere.

Tinkayesa zathera pomwepo. Tsiku limene katapila amabwera kudzagumula bwalo, bambo analawira atavala ovolosi. Anakapempha woyendetsa katapilayo kuti ayambire golo linalo, iwo n'kumadula kapinga wa pagolo lakumadzulo ndi fosholo, zibenthu zibenthu, n'kumakweza mu lole ya mnzawo. Ine ndinali kuntchito, amayi anali kumsika.

Pobwera tinapeza dimba la amayi kulibe. Kuchokera pageti mpaka pampopi panali pobiriwira. Tomato ndi maluwa aja bambo sanataye, anawazula bwinobwino n'kuwaika m'zidebe ndi m'mabeseni, atandanda pakhonde ngati odwala pachipatala.

Amayi sanakalipe. Anatsitsa dengu pansi, n'kufunsa kuti kodi bwaloli likhala kuno mpaka liti. Bambo anayankha kuti silinabwere kudzacheza.

Kuyambira tsiku limenelo pakhomo pano pali malamulo. Pakapinga sitiponda. Kupita kumpopi timayenda pa matabwa amene bambo anayala m'mbali mwa mpanda, ndiye muone amayi ndi bondo lawo lija, ndowa kumanja, akuyenda ngati akuwoloka mtsinje. Chingwe choyanikira anachisamutsira kuseri kwa nyumba kumene sikufika dzuwa, ati madzi a sopo amapha mizu. Anajambula mizere ndi laimu. Anapezanso wenzulo penapake. Abusa atabwera kudzaona amayi anadutsa pakona pang'ono chabe, wenzulo inalira, ndipo anabwerera chafutambuyo Baibulo lili m'khwapa.

Amayi analeka kulankhula nawo mwachindunji. Zonse zinkadzera mwa ine, ngakhale tili patebulo limodzi. Amati uwauze abambo ako kuti tiyi wapsa, ngati akufuna shuga akapemphe kwa mkazi wawo wobiriwirayo. Bambo amati uwauze amayi ako kuti ameneyo sayankha mwano.

Tsopano khalani pansi, achimwene, chifukwa apa ndi pamene ndikulowamo ine.

Munamva kuti pali munthu amene akufuna kundikwatira. Simunamve mmene tinadziwirana. Nthawi imene bwalo limakonzedwa, ku shopu ya zipangizo zomangira kumene ndimagwira ntchito kunkabwera mwamuna wina kudzagula timipeni todulira. Timipenito timagulitsa m'mapaketi, koma iye ankagula kamodzi kamodzi, tsiku lililonse. Abwana anga ndi amene anandiuza kuti munthu ameneyu sakufuna mipeni. Ndi munthu wofatsa, samwa, amaseka ndi nkhope yonse. Vuto ndi limodzi. Ndiye kapitawo wa gulu limene linayala kapinga wa pulasitiki uja.

Nditawauza amayi anaseka mpaka anakhala pansi m'khichini. Atapukuta misozi anati kwa bambo tinene kuti amayala makapeti. Anati si bodza, kapeti ndi kapeti, kusiyana kukula kokha. Kuyambira pamenepo m'nyumba muno dzina lake ndi Wamakapeti.

Tsiku lobwera kudzaonekera ndinamulangiza zonse. Anavula nsapato pageti pomwe, anayenda pa matabwa ndi masokosi, bambo akumuyang'ana wenzulo ili pakamwa. Atafika pakati anaima, ananyonyomala, n'kusindikiza kapinga ndi chikhatho. Anati pakona yakumpopi madzi akuima, pakufunika kangalande.

Achimwene, bambo anawala maso ngati apeza mwana wotayika. Tiyi anazizira patebulo. Awiriwo anatha masana onse akukumba ngalande, mnzangayo ali ndi malaya oyera amene anagulira tsiku limenelo. Atachoka, bambo anati mnyamata ameneyu akungotaya nthawi m'masitingirumu a anthu, ali ndi manja a kapinga. Za ukwati anavomera asanafunsidwe n'komwe.

Kenako anamuzolowera. Akabwera amamukhazika pakhonde n'kumamudandaulira za anthu a pulasitiki. Amati munthu woyala udzu wabodza akhoza kukugulitsa dzira lamwala. Amati atakumana ndi mmodzi mwa iwo angamufunse ngati kwawo amadya masamba a pulasitiki. Mnzangayo ankangogwedeza mutu, tiyi akumutsamwa. Kangapo konse anandiuza kuti sangapitirize, akufuna kunena zoona. Ine ndi amayi tinkati dikira kaye, mtima wawo uyambe watsika.

Paja chakudza sichiimba ng'oma. Kunabwera khadi loitana bambo ku mwambo wotsegulira bwalo, ngati mmodzi wa antchito akale, pamodzi ndi banja lawo. Anati sapita, sangakaonere mpira wosewerera pa mphasa. Koma dzulo lake ndinawapeza akusita suti.

Tinapita atatu. Anatikhazika pamalo abwino pansi pa denga, ndipo ndinaona kuti bambo akuyesetsa kuti chilichonse chisawasangalatse. Anati mpando ndi woterera. Anati denga lidzabisira osewera mthunzi wa mpira. Mpira usanayambe, pa chikanema chija anayamba kuonetsa mmene ntchito inayendera kuchokera poyamba. Tinaona katapila, tinaona amisiri akukweza zitsulo za denga. Kenako tinaona nkhope ya Wamakapeti, kukula kwake ngati chitseko cha galaja.

Anali atagwada, akupaka guluu, akumwetulira ndi nkhope yonse monga mwa nthawi zonse. Ndiye analankhula, mawu ake akumveka bwalo lonse. Anati kapinga ameneyu safuna madzi, safuna kutchetcha, za mapayipi ndi mawilibala zinapita ndi makolo. Anamaliza ndi kuimika chala chachikulu.

Amayi anayamba kufunafuna chinthu m'chikwama, mutu wonse m'katimo. Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Nkhope ija itachoka, bambo ananena motsitsa, osayang'ana aliyense, kuti, "Kapeti yake ndi yaikulu ndithu."

Pa nthawi yopuma anaitana antchito akale kuti alowe m'bwalo anthu awaombere m'manja. Bambo anayenda mpaka pagolo lakumadzulo. Anawerama monga ankachitira masiku onse, kufuna kuzula kaudzu kachilendo, koma panalibe choti azule. Dzanja linangokhala pansi pomwepo. Anthu anayesa akudalitsa bwalo, ndiye anawonjezera kuomba m'manja.

Mnzangayo anali ataima chapafupi ndi anzake, atavala malaya a kampani. Anandiuza pambuyo pake kuti ankafuna pansi pang'ambike alowe, koma anakumbuka kuti anamata yekha, sipangang'ambike. Bambo anapita pamene anaimapo, n'kumuuza kuti wayala bwino, mizere yawongoka. Basi, anatembenuka n'kutuluka. Chigawo chachiwiri sitinaonere.

Masiku otsatira ndi amene anandiopsa. Bambo sanakalipire munthu. Wenzulo anaikoloweka pa msomali. Amadzuka, amakhala pakhonde, amayang'ana kumpanda. Galu wa aneba analowa n'kugona pakati penipeni pa kapinga, iwo osamuthamangitsa. Kapinga anayamba kufiira m'mbali.

Amene anagonja ndi amayi. Tsiku lina masana ndinawaona akukoka payipi, akuthirira mkazi mnzawo uja, nkhope ili gwa. Bambo anawayang'ana kwa kanthawi, kenako anati kuthirira dzuwa lili paliwombo kumawotcha mizu. Amayi anati ngati mukudziwa choncho dzukani muthirire nokha. Aka kanali koyamba kulankhulana osadzera mwa ine, ndipo ndinalowa m'nyumba kuti asandione ndikulira.

Madzulo ake ndinakhala pansi pafupi ndi mpando wawo n'kupepesa. Mawu amene anandiyankha ndiwalemba mmene anawanenera. Anati, "Mwana wanga, bwalo lija si langa, ndi la mzinda. Akafuna ayale ngakhale matailosi. Chandiwawa n'choti nyumba yonse inandiona ngati mwana woti umubisire mankhwala mu nthochi."

Amayi ali pakhomo anati maganizo a makapeti anali awo, ngati pali wolakwa ndi iwo. Bambo anati anadziwa kale, chifukwa bodza lake linali losokedwa bwino.

Loweruka mnzangayo anabwera, anavula nsapato, n'kuima pa thabwa manja ali kumbuyo. Ananena zonse yekha, osabisala kumbuyo kwa ine. Bambo anamvetsera mpaka kumapeto, anapisa m'thumba, n'kutulutsa chivindikiro chachikasu cha kachidebe ka majarini. Anachikweza m'mwamba ngati khadi la woimbira mpira, n'kunena kuti lotsatira likhala lofiira. Ukwati ulipo. Chilango chake n'choti Loweruka lililonse azibwera kudzameta m'mphepete mwa kapinga ndi sizasi, kuti adziwe fungo la udzu umene uli ndi moyo. Akubwera mosajomba, ndipo ndikuona ngati wayamba kuzikonda.

Mwina mukuti ndiye zonse zatha bwino, walemberanji. Sizinathe, achimwene. Bwalo la pakhomo pano ndi laling'ono, ndipo bambo ndi munthu amene anazolowera kuyenda kuchokera golo ili kukafika linalo. Akadzuka, tiyi asanapse amakhala atamaliza zonse, kenako tsiku lonse amangokhala kuyang'ana kapinga akukula. Ayamba kuyeza kutsogolo kwa nyumba za aneba ndi mapazi. Anakaima pabwalo la tchalitchi akugwedeza mutu, moti abusa akawaona amalowa mu ofesi. Anthu akuseka, nafenso timaseka, koma ine ndimawaona akabwera kunyumba manja ali m'thumba, opanda amene wawapempha kanthu.

Amayi nawo tomato wawo akufera m'zidebe. Ndipo za ukwati wanga nditafunsa kuti alendo adzakhala pati, bambo anati adzaime m'mbali mwa mzere monga amachitira oonera mpira, ife akwati tidzadutse pa matabwa.

Pempho langa ndi ili. Nthawi zonse mumadandaula kuti bwalo la kusukulu kwanu ndi fumbi lokhalokha, ana akagwa amanyuka mawondo. Kalankhuleni ndi ahedi. Bambo abwere kwanuko mvula isanayambe, adzakhale nanu mpaka bwalolo ligwire. Safuna malipiro, akufuna malo oti atope. Kapinga abwera naye, akuti zibenthu zimenezi zikadzalidwa motalikirana zimayanga zokha. Wamakapeti wapempha kale lole kuntchito kwawo. Ndikudziwa kuti nyumba yanu ndi yopanikiza, ndipo alamu ndiwapepeseretu chifukwa wenzulo abwera nayo. Koma mutu umodzi susenza denga, ife kuno tasenza mbali yathu.

Musadzalembe ngati maganizowa ndi anu, za mankhwala mu nthochi tinaleka. Ndawauza ndekha kuti ndikukulemberani, ndi chifukwa chake. Anati iwo si katundu woti azitumizidwa uku ndi uku, n'kutuluka panja. Patapita kanthawi anasuzumira pawindo n'kufunsa ngati pasukulupo mpopi uli pafupi ndi bwalo.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti diresi lawo la paukwati ayambe kusoketsa. Anawo muwapsompsone m'malo mwanga. Amayi akupereka moni, akuti muyankhe msanga tomato asanathe. Mulungu akusungeni nonse, akupatseni mphamvu ndi mtima wautali, chifukwa muufuna.

Ndine mlongo wanu wotsiriza,
uja mumamutcha Kanyerere.

Ndatsegulanso envelopu chifukwa bambo aima pakhomo. Akuti sanavomere chilichonse. Akuti poyankha mutapeko dothi la pabwalolo lodzaza dzanja, la pakati ndi la pagolo, mumange m'timapepala tosiyana, ndipo musasakanize.