Musatsuke Makobidi a m'Chitini cha Agogo

Tacoma
14 Novembala 2011

Achemwali anga a Marlys,

Landirani moni wanga, inu ndi onse kumeneko ku Ord. Muli bwanji? Bondo lija linakuvutani pa ulendo wa kumaliro lasiya kutupa? Nanga Bambo, chifuwa chija chikuwatani ndi kuzizira kwayambaku? Ine kuno ndilipo. Ndikudya, ndikuyenda, mvula nayo ikugwa monga mwa nthawi zonse. Nyumba yokha ndi imene yakula kwambiri chichokereni alamu anu a Nadine. Atha masabata asanu ndi limodzi ali m'manda, koma m'mawa ndimangozindikira ndatulutsa makapu awiri.

Musadabwe kuti kalatayi yakupezani kusukulu kumene mumaphikako, osati kunyumba. Ndachitira dala. Foni sindingaimbe, poti mukudziwa kuti ikangolira Bambo amanyamula ina ija ya kukhitchini n'kumamvetsera, poganiza kuti kupuma kwawo sitikukumva. Nkhani ndili nayoyi ndikufuna muyambe mwaimva inu nokha, Loweruka lisanafike.

Masabata awiri apitawa ndinalimba mtima n'kutsegula kabati ya alamu anu kuti ndipatule zovala zokapereka kutchalitchi. Pansi, kuseri kwa nsapato, ndinapeza timabokosi toposa makumi anayi. M'kabokosi kalikonse muli kobidi limodzi lasiliva, lonyezimira ngati galasi, lojambulidwa mbalame ndi utoto wowala: kadzidzi, atsekwe, chiombankhanga, timbalame tija toyamwa maluwa. Lililonse lili ndi chikalata chake cha chidindo chagolide, chonena kuti makobidi otere anapangidwa owerengeka padziko lonse.

Ndinkadziwa kuti anagulapo awiri kapena atatu atawaona pa wailesi ya kanema. Zoti anafika pamenepa sindinkazidziwa. Miyezi ija matenda anawakhazika pampando, panali munthu wina dzina lake Brent amene ankawaimbira Lachiwiri lililonse, nthawi imene ine ndinkapita kukatenga mankhwala. Iwo ankangomutchula kuti bambo wa mbalame. Ndikabwerako ndinkawapeza nkhope ili yowala, ndiye sindinkafunsa zambiri. Pa kabokosi kalikonse anamatapo kapepala kolembedwa ndi dzanja lawo lonjenjemera lija: aka ka Ivo, aka ka Petra, zidzukulu zathu zija, za sukulu yawo akadzakula.

Kenaka ndinaganiza zokafunsa kwa odziwa kuti zinthuzi n'zamtengo wanji, kuti ndikamauza mwana wathu Tessa kuti amayi ake anasiyira ana ake kanthu, ndizinena zoona. Pafupi ndi siteshoni ya sitima pali kasitolo ka makobidi akale ka mayi ena achikulire, a Takemori. Ndinati popeza ndikupita, nditengenso madola asiliva asanu ndi awiri aja Bambo anandipatsa pa ukwati wanga, ochokera m'chitini cha fodya cha Agogo a Vaclav. Nditawaika pafupi ndi mbalame za alamu anu, ndinachita nawo manyazi. Anali akuda bii ngati atoledwa m'ngalande. Ndiye ndinatenga soda ndi mswachi wakale, n'kuwakwecha mmodzimmodzi mpaka anayera mbee. Ndinatuluka m'nyumba ndikudzitama.

A Takemori atangowaona anavula magalasi n'kundiyang'ana ine, osati makobidiwo.

"Abambo, mwatani apa? Anakuuzani ndani kuti makobidi amasamba?"

Ndinayankha kuti ndimafuna aoneke bwino. Iwo anagwira m'mutu. "Mukanabwera nawo akuda momwe analili, bwenzi ndikukupatsani mpando ndi khofi. Panopa khofi ndikupatsanibe, koma wachipepeso."

Anandionetsa pa galasi lawo lokulitsa zinthu. Nkhope ya kobidi inali mizeremizere ngati munda wopita khasu la thirakitala. Akuti kuda kuja si litsiro ayi, ndi khungu limene siliva amamera akakhala zaka zana, ndipo anthu okonda makobidi amalipira khungu lomwelo, chifukwa ndi umboni woti palibe anawaseweretsa. Ukalichotsa silibwereranso. Awiri mwa asanu ndi awiriwo ali ndi tizilembo pansi pa mchira wa chiombankhanga tosonyeza kuti anasulidwa ku Carson City, kumene anasulako ochepa. Amenewo ndiwo anawadandaula kwambiri. Akuti ndi mswachi wanga uja ndinakokolola gawo lalikulu la mtengo wake, ntchito ya mphindi khumi.

Ndinati chabwino, cholakwa ndi changa, koma taonani izi. Ndinayala mbalame zija patebulo ndi zikalata zake. Mayiwo zikalata sanaziwerenge n'komwe. Anatulutsa makobidi m'mabokosi, n'kumaika limodzilimodzi pa sikelo. Akuti siliva alimodi mwa ambiri, sakukana, koma alamu anu analipira katatu kapena kanayi kuposa mtengo wa silivayo. Zotsalazo analipirira utoto, bokosi ndi pakamwa pa wogulitsa, ndipo zimenezo palibe amazigulanso. Asanu anawaika padera, akuti amenewo ndi chitsulo wamba chongokutidwa pamwamba. Nditawakumbutsa mawu aja akuti owerengeka padziko lonse, anaseka pang'ono mosasangalala.

"Owerengekadi. Ine ndawawerenga. Akadzidzi okhaokha ndili nawo khumi ndi awiri kuseriku, onse anabwera ndi anamfedwa ngati inuyo. Mabokosiwo tengani, ndi abwino kusungiramo mabatani."

Kenaka anatsitsa mawu n'kufunsa amene anagula. Nditawauza, anati pepani, pakamwa pawo pamathamanga. Ndinawafunsa mosabisa ngati zinthu zoterezi zili ndi phindu kugula. Anati munthu akakonda kadzidziyo agule, monga momwe timagulira chithunzi chokhoma pakhoma, podziwa kuti ndalamayo yapita. Koma wofuna kusunga chuma agule siliva wopanda zokongoletsa pa mtengo wa kulemera kwake, apo ayi asiye ndalama yake kubanki. Anawonjeza kuti pa malonda amenewa, amene wayamba kukuimbira foni ndiye akudyapo.

Achemwali, ndagwira ntchito m'laibulale zaka makumi atatu ndi zinayi. Ndawerengapo za mafumu akale amene ankasakaniza mkuwa m'ndalama zawo anthu osadziwa, ndi za mizinda imene anthu anagulitsa nyumba pofuna mbewu ya maluwa. Tsiku lomwelo ndinadzera kuntchito kwanga kwakale, n'kutenga buku la makobidi pa shelefu imene ndinkaipukuta fumbi ndekha. Tsamba lachitatu lomwe likuti kobidi lakale osalitsuka. Ndinalibweza pamalo pake mwakachetechete.

Zikanathera pamenepa sindikanakuvutitsani. Koma Lachiwiri lapitali foni inalira, ndipo mawu osalala ngati mafuta anafunsa ngati mayi Nadine alipo. Anali Brent uja, ndipo ndinamuuza kuti anatisiya. Anati alamu anu anali ngati amayi ake enieni, ndipo ankadziwa mayina a zidzukulu zonse. Anawatchuladi osaphonya. Asanapume n'komwe anati ali ndi kobidi la nkhunda limene mabanja ambiri amagula pokumbukira wokondedwa wawo, latsala limodzi lokha. Nditakana, anati palibe kanthu, ndimuperekere moni kwa Bambo athu, a Vesely a ku Nebraska, bwenzi lake lapamtima masiku ano. Nambala yawo akuti anapatsidwa ndi alamu anu m'mwezi wa Ogasiti.

Dzulo masana, inu muli ku msonkhano wa amayi kutchalitchi, ndinawaimbira Bambo. Poyamba anazemba, akundiuza za mtengo wa ana a ng'ombe ndi za mpope wa madzi umene waundana. Nditatchula dzina la Brent anasintha mawu.

"Iwe wa mabuku, wayamba liti kulondola anzanga? Mnyamatayo ali ndi ulemu kuposa ena amene ndinabereka. Amandifunsa za mvula. Iwe unandifunsapo za mvula?"

Pang'onopang'ono zinatuluka. Brent wawauza kuti atumize makobidi onse a m'chitini cha Agogo, akatswiri akawaone, ndipo m'malo mwake adzalandira atsopano okutidwa ndi golide amene mtengo wake ukukwera mwezi ndi mwezi. Katoni yotumiziramo inafika kale, ya positi yolipiriratu, ili pansi pa bedi lawo. Chawachedwetsa ndi chimodzi chokha. Akuti sangatumize kwa anthu aulemu zinthu zooneka ngati zafukulidwa m'khola. Akudikira Loweruka, inu muli pa tchuthi, kuti muwatsukire ndi mankhwala aja mumatsukira masipuni a malemu Amayi, Lolemba katoni inyamuke. Ndikudziwa dzanja lanu, achemwali. Mukanawayeretsa kuposa ine.

Ndinawafunsa ngati munthuyo walemba papepala mtengo umene adzawapatse. Akuti pepala n'la anthu osakhulupirirana. Ndinafunsa chifukwa chake sanakuuzeni. Akuti Brent anawachenjeza kuti ana akamva za chuma amayamba nsanje, bola kuwadzidzimutsa zitatheka. Apa mpamene ndinayamba kuwafotokozera za a Takemori, koma anandidula.

"Nadine sanali chitsiru. Mwana ameneyo anali ndi mutu kuposa iwe ndi ine kuphatikiza. Ngati iye anamukhulupirira, ine ndine ndani?"

Mukudziwa mmene ankawakondera apongozi awo amenewa. Ndi iwo okha amene ankaloledwa kuwatsutsa pa tebulo. Ndinangoti chabwino Bambo, n'kuyamba kuwafunsa za mvula.

Sindinganene kuti Brent ndi wakuba pamaso pa lamulo. Mwina zonse amachita zili ndi kachilolezo kolembedwa m'tizilembo tating'ono. Koma munthu wodziwa tsiku ndi ola limene wodwala amatsala yekha, wosafuna kulemba mtengo, wouza nkhalamba kuti ibise kwa ana ake, ine sindingamupatse ngakhale kiyi wa khola la nkhuku. M'chitinimo munatsala makobidi pafupifupi makumi asanu ndi limodzi. Bambo akhala akunena kuyambira kale kuti chitini chimenecho n'chimene chidzawalipirire wowasamalira pakhomo miyendo ikadzakana, kuti asadzapite ku nyumba ya okalamba. A Takemori akuti sangalonjeze kanthu asanawaone, koma ngati muli ena ofanana ndi awiri anga aja, ndipo sanakhudzidwe, mawu a Bambo akhoza kukhala oona. Katoniyo ikangochoka pa Ord, sitidzawaonanso.

Pempho langa ndi limodzi. Chitinicho chisatsukidwe ndipo chisatumizidwe. Musapukute ngakhale ndi kansalu. Ngati mungathe, kachisungitseni kubanki m'dzina la Bambo omwewo mpaka ndibwere pa Khirisimasi, tidzapite nacho limodzi ndi iwo kwa munthu amene tingamuone nkhope.

Adzakalipa, ndikudziwa. Yambani ndi ine. Auzeni za soda ndi mswachi, kuti mwana wawo wophunzira uja anawononga mphatso ya ukwati wake ndi manja ake. Adzaseka mpaka kutsokomola, adzauza anzawo onse a kumsika wa ng'ombe, ndipo mwina pamenepo adzalola kuti kutsuka kulekeke. Ine kusekedwa sindikudandaula.

Koma zimenezo zikhoza kuletsa kutsuka kokha, katoni n'kupitabe. N'chifukwa chake m'kalatamu mwapeza kaenvulopu kena komata. Lero m'mawa ndinabwerera kwa a Takemori, ndipo andilembera zimene alamu anu analipira pa mbalame iliyonse ndi zimene ingagulidwe lero. Ndinayenda nako kaenvulopuko kuzungulira positi ofesi kawiri ndisanatsimikize zokaika m'kalatamu. Ndinkafuna Bambo atsale ndi Nadine wawo wosapusitsika uja mpaka tsiku lawo lomaliza. Koma ndakhala ndi mayi ameneyu zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndipo ndikudziwa chimene akanandiuza atamva kuti ndasiya nkhalamba ilandidwe pofuna kuteteza dzina la mkazi wanga. Ngati Bambo aumirira, tsegulani muwawerengere. Mukatero muwauzenso kuti pa bokosi lililonse panali dzina la mdzukulu, asaone manambala okha.

Mundiperekere moni kwa alamu a Dwight, kwa azakhali a Libuse amene makeke awo a zipatso anadyetsa anthu onse pamaliro, ndi kwa ana anu onse ndi zidzukulu. Tessa ndi ana akupereka moni. Za mbalamezi sindinamuuzebe, ndikufunafuna poyambira. Bambo musawapatse moni wanga, angadziwe kuti ndakulemberani. Mungowakhazika pafupi ndi moto, muone kuti amwa mankhwala a chifuwa.

Loweruka madzulo ndidzakhala pafupi ndi foni. Mukaimbire kwa aneba.

Ndine mlongo wanu wokukumbukani masiku onse,

Orrin